Timabokosi tobiriwira mu GTA V pa RX 580 ya kaunjika: khadi yafa kapena pali china?

WakuNdirande:
Akuluakulu, moni nonse. Ndikupempha nzeru. Ndagula graphics card (khadi yojambula zithunzi za pa sikirini) ya kaunjika, RX 580 ya 8GB, ndaiika mu kompyuta yanga imene ili ndi i5-4570, RAM ya 8GB, hard disk ya 1TB ndi Windows 10. Pa desktop zonse zili bwinobwino, mafilimu akuonekanso bwino. Vuto likuyamba ndikalowa mu GTA V. Poyamba gemu imayenda myaa, koma pakapita kanthawi pamayamba kutuluka timabokosi tobiriwira ndi tapinki, tina timaphethira n'kusowa, tina timakhala pomwepo. Nthawi zina mkono wa munthu kapena ngodya ya galimoto imatalika mosongoka mpaka kumwamba. Chinanso, ndikathamangitsa kwambiri galimoto mkati mwa Los Santos, mzinda wa m'gemumo, msewu umasowa, nyumba zimachedwa kuoneka, galimoto n'kumayenda m'malere. Ndaika chithunzi chimene ndajambula ndi foni. Wondigulitsa akuti khadiyo inachoka kwa iye ili bwino. Kodi ndalama zanga zapita?

AiseWaMagemu:
Aise, khadiyo yatha. Timabokosi timeneto ndi chizindikiro chakuti memory yake yapsa. Ibwezeni msanga wogulitsayo asanayambe kukana mafoni anu.

Mkonzi25:
Tisafulumire kuweruza. Achimwene a ku Ndirande, zimene mwafotokozazi ndi matenda awiri osiyana, ndipo mukawasakaniza mudzagula chinthu chimene simukufunikira. Timabokosi ndi kutalika kwa mikonoko ndi nkhani imodzi. Kusowa kwa msewu ndi nkhani ina, ndipo kawirikawiri khadi sikhala ndi mlandu pamenepo. Tiyambe ndi timabokosito chifukwa ndi amene angakhudze ndalama zanu. Zamsewuzo tizibwerera pambuyo.

Ndiuzeni izi: sikirini mwailumikiza ndi chingwe chanji? M'kompyutamo munali khadi ina kale? Power supply yanu ndi ya mawati angati? Nanga timabokosito timatuluka mukangolowa, kapena makina akayamba kutentha?

Nachisale:
Musanayankhe zonsezo, chitani kaye ichi, chifukwa n'chaulere ndipo sichitenga mphindi ziwiri. Ine ndili ndi malo osewerera magemu, ndipo anyamata akabwera kudzandiuza kuti makina afa, nthawi zambiri ndimapeza kuti vuto ndi chingwe. Chithunzi cha pafoni sichingatiuze zimenezo. Tikufuna chithunzi chimene kompyuta yajambula yokha. Timabokosito tikangotuluka, dinani Windows, Alt ndi Print Screen pamodzi. Chithunzicho chikakhala mu Videos, mu foda ya Captures. Mukatero chitumizeni ku foni yanu n'kuchionera kumeneko.

Ngati pa chithunzicho palibe timabokosi, ndiye kuti khadi inajambula bwino ndipo zinthu zaonongekera panjira, kaya m'chingwe, m'kabowo kolumikizira kapena mu sikirini mwenimwenimo. Ngati tilipo, chingwe chilibe mlandu.

Zingwe zilinso ndi kadwalidwe kake. HDMI yoonongeka imaonetsa timadontho toyera tothwanima, kapena sikirini imada bii kwa sekondi imodzi n'kubwereranso. VGA imatumiza mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu m'timawaya tosiyana, ndiye kapini kamodzi kakapindika sikirini yonse imasanduka yachikasu kapena yapinki. Komanso RX 580 ilibe kabowo ka VGA, choncho ngati monita yanu ndi yakale ndiye kuti pakati pali adaputa, ndipo nayo ndi yofunika kuikayikira.

WakuNdirande:
Achemwali mwalasa, monita ndi ya VGA ndipo ndikugwiritsa ntchito adaputa yochokera ku HDMI. Koma ndachita zimene mwanenazo, ndipo timabokosito tikuonekanso pa chithunzi chimene ndatumiza ku foni. Ndayesanso kulumikiza pa TV ya pabalaza ndi HDMI yokha popanda adaputa, zili chimodzimodzi.

Akulu a Mkonzi, kale munali GT 710 ya NVIDIA. Ndinangoizula n'kuikamo iyi, kenako ndinaika driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) ya AMD, kampani ya RX 580. Power supply yalembedwa 550W. Timabokosito sitituluka ndikangolowa ayi, timayamba mafani akayamba kulira kwambiri.

Mkonzi25:
Chabwino, chingwe ndi monita tazichotsa pa mndandanda. Zakuti zimayamba makina akatentha zikundipangitsa kuganizira khadi yeniyeniyo, komabe sindimatsegula khadi ya munthu ndisanatsimikize kuti mapulogalamu ali bwino. Mwachoka ku NVIDIA kupita ku AMD osachotsa zakale, ndiye tiyambe kusesa pamenepo.

Pangani dawunilodi driver ya RX 580 pa webusaiti ya AMD yeniyeni, komanso kapulogalamu kotchedwa Display Driver Uninstaller, ambiri amangoti DDU. Zonse ziwiri zikhale pa kompyuta musanayambe. Kenako zimitsani intaneti, chifukwa mukaisiya Windows imathamangira kuika driver yake inu musanaike yanu, bandulo n'kupitanso pachabe. Lowani mu Safe Mode (Windows ikuyenda ndi zofunikira zokha), tsegulani DDU, chotsani za NVIDIA, chotsaninso za AMD, kompyuta iyambirenso, ndiyeno ikani driver yatsopano ija.

Mukamaliza tsegulani Disk Cleanup, chongani pa DirectX Shader Cache n'kufufuta. Mmenemo mumasungidwa timalangizo timene gemu inakonzeratu kuti khadi izijambulira kuwala ndi mithunzi, ndipo tikaonongeka timabweretsa mitundu yachilendo. Pitaninso mu Documents, Rockstar Games, GTA V, mupeza fayilo ya settings.xml. Isinthireni dzina kapena ifufuteni, gemu ipanga ina yatsopano. Fayilo imeneyo imasunga dzina la khadi ndi zosankha zonse zimene munali nazo pa GT 710 ija.

Gemuyo munaipeza kuti?

WakuNdirande:
Ndi ya pa Epic, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndinaitenga nthawi imene ankaipereka ulere mu May 2020.

Mkonzi25:
Ndiye zaphweka. Mu Epic pitani pa Manage ya gemuyo, dinani Verify. Iwerenga mafayilo onse n'kubwezeretsa okhawo amene aonongeka, sikuti iyambiranso dawunilodi yonse. Kwathu kuno izi n'zofunika kwambiri chifukwa magetsi akazima gemu ili mkati molemba update, fayilo imatha kutsala yoduka. Pa hard disk zitenga nthawi chifukwa gemuyo ndi ya pafupifupi 100GB, ndiye musaidule panjira.

AiseWaMagemu:
Palinso mabatani aja, Windows, Ctrl, Shift ndi B. Ine zikandivuta ndimangodina amenewo.

Mkonzi25:
Amenewo amangodzutsanso driver. Mumamva kulira kamodzi, sikirini n'kuphethira. Amathandiza sikirini ikada kapena ikauma kuti musachite kuzimitsa makina pa batani, koma sachiritsa chimene chayambitsa vutolo.

WakuNdirande:
Ndachita zonse motsatira ndondomeko. DDU, driver yatsopano, shader cache, settings.xml, Verify. Gemu ikutseguka bwino koma timabokosito tabweranso mafani atangoyamba kulira. Ndayesa eFootball kuti ndione, nakonso tikutuluka pa udzu wa m'bwalo, ngakhale kuti n'tochepa. Kamodzi sikirini inada kwa kanthawi, gemu n'kutsekeka yokha, ndipo pulogalamu ya AMD inalemba za driver timeout.

Mkonzi25:
Kuyesa gemu yachiwiri mwachita bwino kwambiri. Vuto likaoneka m'gemu imodzi yokha timakayikira gemuyo. Likaoneka m'magemu awiri opangidwa ndi makampani osiyana, pa driver yoyera, ndiye kuti tatsala ndi khadi kapena magetsi amene ikulandira. Za timeout zo ndi Windows: khadi ikakhala masekondi awiri osayankha, Windows imaidzutsanso mokakamiza, gemu n'kugwa.

Tsegulani chivundikiro muone waya amene walowa pamwamba pa khadi. Kodi ndi wa mapini 8 wochokera mu power supply mwenimweni, kapena pali kolumikizira kochokera ku waya wa SATA, uja wopereka magetsi ku hard disk? Ndikufunsa chifukwa ndimaziona kawirikawiri pa makina a mu ofesi amene anthu amawasandutsa osewerera magemu. RX 580 imadya mawati pafupifupi 185. Pa motherboard imatengapo osapitirira 75, otsalawo amadzera pa waya wa mapini 8 amene anapangidwira mawati 150. Waya wa SATA malire ake ndi 54 basi. Mukaukakamiza umatentha mpaka kusungunuka, ndipo moto ungabuke m'nyumba.

WakuNdirande:
Ndi wa mapini 8 wochokera mu power supply, palibe cholumikizira china. Kompyuta siinazimepo yokha.

Wakujoni:
Ndawerenga kuchokera pamwamba. Mphwanga, ndikukayikira kuti khadi yakoyo inali ya mining, kutanthauza kukumba ndalama za pa intaneti ndi kompyuta. Kuno ku Joni ndinaonapo ambiri akuchita zimenezi, ndipo RX 580 ya 8GB inali imodzi mwa makhadi okondedwa kwambiri pokumba Ethereum, imodzi mwa ndalama zimenezo. Inatuluka mu April 2017, nthawi yomweyo anthu anayamba kuigula mulumulu, makhadi sikisi kapena eyiti pa makina amodzi, osazima usana ndi usiku. Pa 15 September 2022 Ethereum inasintha kayendetsedwe kake, kuikumba ndi graphics card kunatha, ndipo makhadi onsewo anakhuthukira pamsika wa zinthu zakale. Ndi chifukwa chake lero RX 580 ikupezeka paliponse pa mtengo wotsika.

Koma mvetsa bwino, kukhala ya mining sikutanthauza kuti yafa. Nkhani ili pa zimene okumbawo ankachita. Kukumba Ethereum kunkadalira liwiro la memory kuposa china chilichonse, ndiye iwo ankasintha BIOS ya khadi, kapulogalamu kosungidwa m'khadi mwenimwenimo. Mu BIOS muli ndandanda imene imauza memory nthawi yodikira pakati pa ntchito ina ndi inzake, ndipo liwiro lililonse lili ndi manambala ake. Liwiro likakwera, nthawi yodikirayo amaitalikitsa kuti memory isalakwitse. Okumba ankatenga manambala a liwiro lotsika, mwachitsanzo a 1750MHz, n'kuwakopera pa 2000MHz. Zikatero memory imathamanga pa 2000 koma ikupuma mochepa ngati ili pa 1750. Pokumba zinkawapindulira. Pa gemu, khadi ikatentha, memory imayamba kubweza manambala olakwika. Nambala yolakwikayo ikagwera pa mtundu, umaona kabokosi kobiriwira. Ikagwera pa malo a ngodya ya chinthu, ngodyayo imaponyedwa kutali, n'chifukwa chake mkono ukutalika mpaka kumwamba.

Tenga mapulogalamu atatu, onse ndi aulere ndipo ndi ang'onoang'ono: GPU-Z, HWiNFO ndi MSI Afterburner. Mu GPU-Z undiuze nambala ya Shaders, Memory Type ndi Memory Clock. RX 580 yeniyeni ili ndi ma shader (timbali ta chip timene timagwira ntchito yojambula) 2304. Ikalemba 2048 ndiye kuti ndi ija amati 2048SP, imene inatulukira ku China mu 2018 ndipo mphamvu zake n'zofanana ndi RX 570. Mu HWiNFO tsegula Sensors, tsikira pa gawo la khadi, upeza mzere wa GPU Memory Errors. Usiye pulogalamuyo ili yotsegula, sewera mpaka timabokosi tituluke, ubwere utiuze nambala imeneyo ndi kutentha kwa khadi.

WakuNdirande:
Achimwene, Shaders ndi 2304, memory ndi GDDR5 ya Hynix, Memory Clock 2000MHz. Kutentha kunafika madigiri 86. GPU Memory Errors inali pa 0 poyamba, koma itadutsa madigiri 80 nambala inayamba kuthamanga, inafika m'masauzande ambirimbiri.

Wakujoni:
Eya, ndi pamenepo. Khadi ndi yeniyeni, zimenezo zikusangalatse. Tsopano tsegula Afterburner, tsitsa Memory Clock ifike pa 1750, dina kachizindikiro kovomereza. Usakhudze china chilichonse, ngakhale mafani, kuti tidziwe chimene chasintha. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi vuto n'kutha, sudziwa kuti chakuthandiza n'chiti.

WakuNdirande:
Abale inu, tasowa! Ndasewera nthawi yaitali, kutentha kwafikanso 85, koma palibe kabokosi ngakhale kamodzi. Errors yakhala pa 0.

AiseWaMagemu:
Koma pamenepo mwangobisa vuto, khadi ikadali yodwala. Ine ndinaona pa YouTube anthu akuchotsa mafani n'kuika khadi mu uvuni kwa mphindi zingapo, mtovu wowotcherera (solder) wa pansi pa chip umagwirananso, khadi n'kuchira.

Mkonzi25:
Ayi achimwene, zimenezo musamulangize mnzathuyu, ndipo ndikupempha aliyense amene akuwerenga asayese. Mtovu wa m'makhadi amenewa umasungunuka pa madigiri pafupifupi 217. Uvuni wa kukhitchini sungasunge kutentha kofanana mbali zonse, ndiye pamene mukufuna kufika pamenepo mapulasitiki a m'mabowo ayamba kale kupindika, ma capacitor akufufuma, tizidutswa tating'ono ta pansi tikhoza kugwa. Utsi wakenso si wabwino m'malo ophikira chakudya cha ana. Makhadi amene amaoneka ngati achira motero amadwalanso pakapita nthawi yochepa, ndipo ena amachita zimenezi dala kuti agulitse msanga khadi yakufa. Ndiponso khadi ya mnzathuyu yatiuza yokha kuti vuto si mtovu. Mtovu ukanakhala wosweka, kutsitsa liwiro la memory sikukanafafaniza errors yonse chonchi, ndipo mwina tikanaona mizere ngakhale pa desktop kapena poyatsa makina Windows isanatseguke.

Pa mfundo yakuti tangobisa vuto, pamenepo muli ndi zoona pang'ono. Tapeza pamene pakupweteka, chatsala n'kudziwa chifukwa chake.

WakuChipata:
Pepani kulowerera, ndaona kuti pano pali odziwa. Ine pa laputopu ndikamasewera mpira, kamera ikamayenda cham'mbali chithunzi chimaduka pakati, chapamwamba chimatsogola, chapansi n'kutsalira pang'ono. Palibe timabokosi. Kodi nanenso khadi ikufa?

Nachisale:
Ayi achimwene, yanuyo si matenda. Sikirini yanu imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene khadi ikutumiza zithunzi pa liwiro lake losagwirizana ndi limenelo. Ndiye sikirini imayamba kuonetsa chithunzi chimodzi, isanamalize n'kulandira china, mzere umene mukuuonawo ndi pokumanira ziwirizo. Yatsani V-Sync mu settings ya gemuyo. Mukajambula ndi Print Screen muona kuti mzerewo sukuoneka, chifukwa chithunzi chilichonse pachokha ndi chathunthu. Muzisewera chaja ili pamoto, popeza malaputopu ambiri amachepetsa mphamvu ya khadi akakhala pa batire.

WakuChipata:
Ndayatsa, mzere watha. Zikomo amayi.

Wakujoni:
Tibwerere kwa wa ku Ndirande. Ukhoza kukhala pa 1750 mpaka kalekale osadandaula. RX 580 ya 4GB imachokera ku fakitale ndi liwiro lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa 2000 memory imanyamula 256GB pa sekondi, pa 1750 imanyamula 224, ndipo ndi i5 yakoyo mu GTA V sindikukhulupirira kuti maso ako angaone kusiyanako. Ungokumbukira kuuza Afterburner kuti izidzuka limodzi ndi Windows.

Koma pali njira ina yabwino kuposa imeneyi ngati uli ndi mwayi. Makhadi ena, monga Sapphire Nitro+, ali ndi BIOS ziwiri, ndipo m'mphepete mwa khadi chakumtunda muli kaswichi kakang'ono kwambiri kosankhira. Okumba ambiri ankasintha BIOS imodzi n'kusiya inayo mmene inalili kuti ikhale pothawira zinthu zikavuta. Zimitsa kompyuta, zula pulagi kukhoma, yang'ana ndi tochi. Ngati kalipo, kasunthire mbali inayo ndiyeno uyatse. Usakasunthe makina ali moyaka.

Ngati kaswichi palibe, njira yotsala ndi kulembamo BIOS yoyambirira. Pa webusaiti ya TechPowerUp pali nkhokwe ya ma BIOS, ndipo amalembera ndi pulogalamu ya AMDVBFlash. Koma iyenera kugwirizana ndi mtundu weniweni wa khadi yako ndi memory ya Hynix yo, ndipo uyambe wasunga imene ilimoyo kudzera mu GPU-Z. Ine sindikukulimbikitsa kuchita wekha.

Mkonzi25:
Ndiwonjezerepo pa mawu omalizawo. Kulemba BIOS kumatenga masekondi ochepa, koma magetsi akazima mkati mwa masekondi amenewo khadi siyakanso mpaka wina aikonze ndi zipangizo zina. Ine ndimachita zimenezi makina ali pa UPS basi, batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima. Amene alibe UPS akhale pa 1750, palibe chochititsa manyazi.

WakuNdirande:
Kaswichi kalipo! Ndakasuntha monga munanenera. Windows inachita ngati yaona khadi yatsopano, kenako zonse zinabwerera. Ndabwezera memory pa 2000. Timabokosi sindinationepo, koma khadi itafika madigiri 85 errors inayamba kuwerenga pang'onopang'ono, osati masauzande ngati kale, manambala ochepa chabe. Ndizisiye choncho?

Mkonzi25:
Musazisiye. BIOS inali mbali yaikulu ya vutoli, yatsala ndi kutentha. Madigiri 85 ndi ochuluka kwa khadi imeneyi, ndipo nyengo yotentha ya October ikafika zidzaipiraipira. Dziwaninso kuti nambala mukuionayo ndi ya chip chachikulu chapakati. Mozungulira chip chimenecho muli tima chip 8 ta memory, kalikonse ka 1GB, ndipo timapereka kutentha kwake ku chitsulo choziziritsira kudzera m'timapadi tofewa totchedwa thermal pad. Khadi imene yagwira ntchito zaka osapuma timapadi timeneti timauma, timasweka, kapena timatuluka mafuta. Zikatero memory ikhoza kukhala ikupsa pamene nambala ya pa sikirini ikuoneka yopiririka.

Yambani ndi fumbi. Tulutsani khadi, pitani nayo panja, ipemerereni ndi blower. Gwirani mafani ndi chala kuti asazungulire ndi mphepoyo, chifukwa akazungulira mopitirira muyezo amaonongeka. Yang'anani pakati pa timapepala tachitsulo, fumbi la kwathu kuno limagwirana mpaka kutseka njira ya mpweya. Muonenso ngati mafani onse awiri akuzungulira gemu ikamayenda. Pa desktop akhoza kuima, makhadi ambiri anapangidwa choncho.

Mukafuna kutsegula, masulani masikuluwu anayi a kumbuyo mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo samalani kawaya ka mafani pokanganula. Pukutani phala lakale ndi isopropyl alcohol, pakani thermal paste yatsopano pa chip chachikulu. Pa timapadi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Timakhala tokhuthala mosiyanasiyana, tina 0.5mm, tina 1mm, tina 1.5mm. Mukaika tokhuthala kwambiri chitsulo chimanyamuka, sichigundanso chip chachikulu, kutentha n'kukwera kuposa kale. Mukaika topyapyala sitigunda n'komwe. Tengani kachidutswa ka takaleto mupite nako kogula kuti mukayerekeze. Ndipo musaike paste m'malo mwa pad, mpatawo ndi waukulu, singadzaze. Ngati manja akunjenjemera, pitani nayo kwa wokonza makompyuta, ntchito yake si yodula poyerekeza ndi mtengo wa khadi.

Kompyutayonso isakhale pansi pa simenti kapena m'kabati yotseka. Ikwezeni patebulo, kumbuyo kukhale mpata.

Nachisale:
Pamene mnzathu akukonza, ndinene kwa ena amene akufuna kugula khadi ya kaunjika. Musalipire chifukwa choti yaonetsa desktop. Mwaona nokha apa kuti pa desktop khadi iyi inalibe vuto. Uzani wogulitsa ayatse gemu yolemera, muisiye iyende mpaka mafani alire, inu mukuyang'ana kutentha ndi GPU-Z. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi.

Samalaninso ndi ma GTX 1050 Ti abodza amene ali mbwee pa intaneti. Amatenga khadi yakale ngati GTS 450 ya mu 2010, n'kusintha BIOS kuti izidzitchula 1050 Ti ya 4GB pamene mkati muli 1GB yokha. Gemu imakhulupirira kuti malo alipo, ikadutsa 1GB zithunzi zimasokonekera kapena gemu imagwa, ndipo palibe driver imene ingakonze zimenezo. Chizindikiro chosavuta ndi kabowo ka VGA: makhadi a GTX 10 enieni alibe. GPU-Z imathandizanso, 1050 Ti yeniyeni ili ndi ma shader 768 pamene yabodzayo imaonetsa 192, ndipo nthawi zambiri pulogalamuyo imalemba mawu akuti FAKE kutsogolo kwa dzina.

WakuNdirande:
Ndabwera ndi lipoti. Ndinapita nayo kwa wokonza wina kuno ku Blantyre, tinatsegulira limodzi. Paste inali itauma gwaa, ndipo timapadi tiwiri tinali titang'ambika, kamodzi kanali katasuntha osaphimba chip chonse. Tasintha zonse. Panopa GTA V ikufika madigiri 72 basi, mafani sakuliranso ngati kale, memory ili pa 2000, errors 0. Zikomo kwambiri nonse. Wogulitsa uja ndamuuza zimene tapeza, wavomera kundibwezera ndalama ya timapadi.

Koma msewu ukusowabe ndikathamanga. Mwinanso zawonjezeka poyerekeza ndi nthawi ya GT 710.

AiseWaMagemu:
Ndasangalala kuti yadzuka aise. Koma izi zamsewuzi zikundidabwitsa. Khadi yamphamvu iwonjezere bwanji vuto?

Mkonzi25:
Funso labwino, ndipo zimachitikadi. GTA V siika mzinda wonse mu memory nthawi imodzi. Pamene mukuyenda, gemu imawerenga misewu ndi nyumba za kutsogolo kuchokera pa disk, CPU n'kuzimasula, kenako n'kuzipereka ku khadi. Zili ngati amisiri omanga amene akudikira njerwa zobwera pa wilibala imodzi: mukawonjezera amisiri achangu, njerwa sizifika msanga chifukwa cha zimenezo. Pa GT 710 khadi inkachedwa, zithunzi zinali zochepa pa sekondi, CPU inali ndi mpata wokwanira wonyamula msewu. Panopa khadi ikutha kujambula zithunzi zambiri, ndiye i5 ya ma core anayi ikutangwanika kuikonzera zithunzizo mpaka ntchito yonyamula msewu ikutsalira. Mwinanso mwakweza Texture Quality poona kuti muli ndi 8GB, kutanthauza kuti hard disk ikuwerenga mafayilo akuluakulu kuposa kale.

Kuti mutsimikize, tsegulani Task Manager pa Performance, thamangitsani galimoto mpaka msewu usowe, mubwerere msanga muone mizere ya CPU, Disk ndi Memory. Imene yagunda kudenga ndi imeneyo.

Zaulere zimene mungachite lero: yatsani V-Sync kuti gemu isapitirire zithunzi 60 pa sekondi, CPU ipezeko mpweya. Tsitsani Population Density, Population Variety ndi Distance Scaling zifike chapakati. Mu Advanced Graphics, Extended Distance Scaling ikhale pa ziro. Tsekani Chrome ndi zina zonse musanalowe m'gemu, chifukwa 8GB ikadzaza Windows imayamba kusungira zinthu pa hard disk yomweyo imene gemu ikuwerengapo msewu.

WakuNdirande:
Disk inali pa 100%, CPU cha m'ma 90, Memory pafupifupi kudzaza. Nditayatsa V-Sync ndi kutsitsa zija zachepa kwambiri, zikungochitika ndikakhala pa njinga yamoto yothamanga kwambiri pakati pa tauni. Ndiye ndiyambe kugula chiyani, RAM kapena SSD?

Mkonzi25:
SSD, disk yothamanga kuposa hard disk. Pa manambala mwatipatsawo disk ndi imene yafika pamapeto. Ya SATA wamba ikukwanira, ndipo motherboard ya m'badwo wa i5 imeneyo ili ndi malo ake. Tengani ya 500GB ngati thumba likulola kuti Windows ndi gemu zikhale pamodzi, chifukwa ya 256GB idzadzaza msanga. RAM idzabwere pambuyo, ndipo podzagula mudzatenge DDR3 ina ya 8GB yofanana liwiro ndi imene ilimoyo kuti ziziyenda ziwiriziwiri.

WakuNdirande:
Nkhawa yanga ndi bandulo. Kodi ndikagula SSD ndiyambiranso dawunilodi ya 100GB?

Nachisale:
Ayi, ine ndimasamutsa magemu pa makina anga popanda kutero. Koperani foda yonse ya gemuyo pamalo ena pa hard disk, muipatse dzina lina. Mukatsimikiza kuti yakopeka yonse, chotsani gemuyo mu Epic, kenako dinani Install n'kusankha SSD. Ikangoyamba kutsitsa, iimitseni ndi kutseka Epic yonse, ngakhale kachizindikiro kake ka pansi pafupi ndi wotchi. Tengani zonse za mu foda munasunga ija muzithire mu foda yatsopano ya pa SSD, ikafunsa muvomere kuti zilowe m'malo mwa zimene zilimo. Tsegulaninso Epic n'kudina Resume. Iyamba kuwerenga mafayilowo m'malo mowatsitsa, ndipo idzangotenga pa intaneti tochepa timene tikusowa. Foda ya pa hard disk ija musaifufute mpaka mutalowa m'gemu n'kuona kuti ikuyenda. Ma save anu a story ali mu Documents, mu foda ya Rockstar Games, ndiye ngati mudzaikenso Windows pa SSD yo mudzayambe mwakopera foda imeneyo pa flash.